Agulugufe otsiriza a chaka: zolemba za kuseri kwa nyumba ku Nottingham, 2024

21 Seputembala: cholinga ndi malo ake

Ntchito yomwe ndayamba ili pawiri: kukonza kangodya kodyera agulugufe kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi, komanso kulemba gulugufe aliyense amene ndimuone akuuluka kuyambira lero mpaka kuzizira kutawatsekereza.

Kuno ku Britain anthu ambiri amawerenga agulugufe mu Julayi ndi Ogasiti, pa kalembera wa Big Butterfly Count yemwe bungwe la Butterfly Conservation linayambitsa mu 2010. Munthu amakhala pamalo amodzi mphindi 15 n'kulemba zomwe waona. Zotsatira za chaka chino zatuluka mwezi uno ndipo n'zomvetsa chisoni: pa kuwerenga kulikonse anthu amapeza agulugufe pafupifupi 7, pomwe chaka chatha anali 12, ndipo chiyambire kalemberayu sanachepepo chonchi. Kalembera wina wa anthu ozolowera ntchitoyi, UK Butterfly Monitoring Scheme, yemwe anayamba mu 1976, amatseka pa 29 Seputembala. Ndiye kuti Okutobala ndi Novembala amatsala ndi maso ochepa, chonsecho ndi miyezi yomwe imaonetsa amene akulimba ndi amene akutha.

Bwalo lathu ndi laling'ono, mamita 7 m'litali, loyalidwa konkire. Khoma la nyumba layang'ana kum'mwera, komwe dzuwa limadzera kuno. Kumapeto kwa bwalo kuli khoma la njerwa la mamita 2, lomwe layangidwa ndi chomera chakale chotchedwa ivy, chochokera kwa aneba. Ivy imeneyi ndiyo yandilimbitsa mtima, chifukwa ili ndi timiyulu ta maluwa obiriwira motuwa amene angoyamba kutseguka.

28 Seputembala: katebulo ndi zomera

Matabwa sindinagule. Ndaphwasula phaleti lomwe sitolo ina ya pafupi inataya, n'kukhoma katebulo kotalika masentimita 60 kuchoka pansi. Paketi ya masikuluu £3.50, mbale ziwiri zadothi zoikira pansi pa miphika ya maluwa £4, kachipangizo koyezera kutentha £5. Pamwamba pa katebuloko ndaikapo mwala wa sileti wakuda womwe unagwa padenga la shedi kalekale. Gulugufe amadalira kwambiri kuwothera dzuwa kuti minofu ya mapiko igwire ntchito, ndiye mwala wakuda umene umasunga kutentha ndi wofunika mofanana ndi chakudya.

Ndalama zambiri zapita ku zomera. Michaelmas daisy miphika iwiri £14, Sedum spectabile wa maluwa apinki wotuwa £7, Verbena bonariensis £6, thumba la dothi la kompositi £6.50. Zonse pamodzi ndi zakatebulo zakwana £46. Kumalo ogulitsira maluwa kunali ma chrysanthemum okongola kwambiri pamtengo wotsika, koma ndawasiya. Maluwa othithikana choncho amakhala ndi timadzi tochepa, ndipo ngakhale tilipo, kamlomo ka gulugufe sikafika.

Katebuloko ndakaimika pakati pa bwalo, mamita 3 kuchokera ku khoma la ivy, miphika mozungulira.

5 Okutobala: mavu alanda mbale

M'mbale ndinaika nthochi yakupsa kwambiri ndi maapozi akugwa okha omwe mayi wina wachikulire wa mumsewu mwathu amaika m'katoni pageti pake kuti odutsa atenge. Oyamba kufika anali mavu, ndipo anabwera ambiri. Nyengo ino chisa chawo chimakhala chikutha, ana oti awadyetse palibe, basi amangosaka zotsekemera. Gulugufe mmodzi wa mtundu wa red admiral anatera m'mphepete mwa mbale, mavu awiri anamudumphira, iye n'kuthawira pa ivy.

Kupha mavu sindikufuna, ndi omwe amatola mbozi ndi nsabwe za m'masamba chilimwe chonse. Ndatenga mbale yachiwiri, ndaikamo jamu pang'ono ndi makoko a maapozi, n'kukaiika pakona yakutali pafupi ndi mabini. Ambiri asamukira kumeneko. Sanathe onse, koma mbale ya pakatebulo yapumako.

Chinanso chomwe ndaona: nthochi yongosenda imauma pamwamba dzuwa likaomba, gulugufe n'kulephera kuyamwa. Njira yomwe yathandiza ndi kuiika mufiriza ndi khoko lake usiku wonse, m'mawa n'kuitulutsa. Ikasungunuka imada, imafewa, imatuluka madzi. Ndimangoing'amba ndi mpeni m'litali n'kuiika choncho.

Zolemba za lero: red admiral 3, comma 1, small white 1.

12 Okutobala: ivy yaposa zonse zomwe ndinagula

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Lero dzuwa linaomba bwino kuyambira cha m'ma 11 koloko. Pa Michaelmas daisy panali njuchi zochepa ndi small white mmodzi. Sedum wayamba kale kufiira n'kuuma mitu, nthawi yake yadutsa. Koma pamwamba pa khoma, pomwe ivy yatukumuka n'kulandira dzuwa, phokoso lake limamveka uli pakhomo la kukhitchini. Njuchi, mavu, ntchentche zamizeremizere zooneka ngati mavu, ndi ma red admiral 5 nthawi imodzi.

Ndinakwera pampando kuti ndione bwino. Duwa la ivy lilibe chokongola chilichonse, ndi kampira ka timaluwa tating'ono, kalikonse kali ndi kadontho konyezimira poyera, kosabisika. Fungo lake ndi lolemera, ena amadana nalo. Red admiral wina anali chapafupi moti ndikanamugwira: mapiko akuda bii, mzere wofiira wodutsa pakati, madontho oyera kunsonga. Anatambasula kamlomo kake kopindika, n'kumagwaza kaduwa kamodzikamodzi akuyenda mozungulira kampirako, mapiko akutsegula ndi kutseka pang'onopang'ono. Mtambo utaphimba dzuwa anatseka mapiko n'kungoti duu. Utachoka anawatsegula onse, n'kutembenuka kuti msana uloze kudzuwa.

Ivy siichita maluwa ikadali yaing'ono. Imayamba yakwera zaka zambiri, kenako nthambi zakumwamba zimasintha, masamba amasiya kukhala a nsonga zingapo n'kukhala osongoka kumodzi, ndipo ndi nthambi zimenezo zomwe zimabereka. Munthu amene amaimeta chaka chilichonse sadzaona duwa ngakhale limodzi. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala, pomwe maluwa ena onse akutha, chomera chimenechi ndicho chimadyetsa tizilombo tambiri. Pali ngakhale njuchi ina, ivy bee, yomwe moyo wake wonse umayendera maluwa amenewa. Inayamba kuoneka ku Britain mu 2001 ku Dorset ndipo yakhala ikufalikira kumpoto. Gulugufe wamng'ono wabuluu, holly blue, amaikira mazira ake a chilimwe pa timiyulu ta ivy tisanatseguke. Ndipo brimstone, gulugufe wachikasu, amagona nyengo yonse yozizira atabisala m'masamba ake.

Ndikanakhala ndikuyamba lero, £27 ya zomera zija ndikanaisunga kaye, n'kuyamba ndi kufufuza komwe kuli ivy yakale yoyang'ana dzuwa.

15 Okutobala: kukambirana za kumeta khoma

Mwini nyumba watumiza uthenga kuti abweretsa munthu woti amete ivy yonse mwezi uno, akuti ikuwononga khoma. Ndinawaimbira foni n'kuwapempha kuti, "Bambo, chonde tadikirani mpaka kumapeto kwa Febuluwale, maluwa ndi zipatso zithe kaye. Mbali yolowera m'ngalande ya madzi ndimeta ndekha." Zipatso zake zakuda zimapsa m'nyengo yozizira ndipo mbalame zimadalira zomwezo. Anavomera, bola ndiwatumizire chithunzi chosonyeza kuti ngalande ili poyera. Ndabwereka sizasi yodulira mitengo kwa aneba, ndadula nthambi za m'munsi zokha. Ndalama sinatuluke.

20 Okutobala: mphepo ndi makoswe

Namondwe yemwe amutcha Ashley wakantha kwambiri ku Ireland ndi ku Scotland, ife kuno talandira mphepo yake chabe, koma yakwanira kugwetsa katebulo. Mbale imodzi yasweka, Verbena wathyoka nthambi ziwiri. Ndagula mbale ina £2, ndakhoma thabwa lopingasa m'munsi mwa miyendo n'kusanjikapo njerwa zinayi.

Vuto lalikulu ndi lina. M'mawa ndinapeza nthochi itadyedwa theka, pambali pali zitosi za khoswe. M'nyumba zogundizana ngati zathuzi, nkhani ya makoswe ikhoza kukudanitsa ndi mzere wonse, ndipo aneba angakhale akunena zoona. Kuyambira lero chipatso chimatuluka cha m'ma 10 koloko m'mawa n'kulowa dzuwa likangochoka pabwalo. Mbale ndimatsuka ndi madzi otentha tsiku lililonse, zotsala zimapita mubini yotsekeka. Mbale ya mavu ija ndaichotsa, popeza nawonso achepa ndi kuzizira. Nkhono zopanda chigoba zomwe zimakwera miyendo ya katebulo usiku zasiyanso kubwera, poti palibe chodzera.

27 Okutobala: mthunzi wafika pakatebulo

Lero mawotchi abwezedwa ndi ola limodzi, ndipo dzuwa likulowa 5 koloko isanakwane. Koma chomwe chasokoneza ntchito si wotchi ayi, ndi kutsika kwa dzuwa. Ife okulira ku Malawi tinazolowera dzuwa la masana lokhala m'mwamba chaka chonse, mthunzi uli waufupi. Kuno nyengo ino limayenda chammunsi kum'mwera. Kumapeto kwa Seputembala, khoma la mamita 2 limaponya mthunzi wa mamita awiri ndi theka masana. Lero mthunzi womwewo ndi wa mamita anayi ndi theka, ndipo pofika kumapeto kwa Novembala udzapitirira mamita 6. Katebulo kanga, komwe mwezi wapitawu kamakhala padzuwa maola ambiri, tsopano kali mumthunzi tsiku lonse. Sileti ndinaigwira masana, inali yozizira. Sabata yonseyi palibe gulugufe yemwe wateramo.

Kuboola khoma la nyumba ya eni sindingathe. Ndachotsa miyendo yaifupi, ndaika ina ya mita imodzi ndi theka kuchokera ku matabwa awiri omwe ndagula £7, n'kukankhira katebulo kukhoma la nyumba, pambali pa zenera la kukhitchini. Kumtunda ndakamangirira ndi waya ku paipi ya madzi a padenga kuti mphepo isakagwetsenso. Miphika ya maluwa ndaikweza pa mabokosi. Cha m'ma 12 koloko, mpweya unali madigiri 12, koma kachipangizo nditakagoneka pa sileti kanafika 23. Njerwa za khoma nazonso zinali zofunda.

Pasanathe ola, comma anatera. Gulugufe ameneyu ndimamukonda kuposa onse. Akatsegula mapiko ndi wa olenji wa madontho akuda, m'mphepete mokumbikakumbika. Akatseka amasanduka tsamba louma lodyedwa m'mbali, ndipo ukayang'anitsitsa umaona kachizindikiro koyera kopindika pansi pa phiko. Anayamwa nthochi nthawi yaitali, kenako anasamukira panjerwa n'kuwothera dzuwa.

Amene mukufuna kuyesa zimenezi, musayang'ane pomwe dzuwa likuomba mu Seputembala. Funsani amene akhalitsa panyumbapo kuti pa Khirisimasi dzuwa limafika pati, ndipo katebulo kaikeni pamenepo.

2 mpaka 10 Novembala: mitambo yokhayokha

Masiku onsewa dzuwa silinaoneke. Kunja sikukuzizira kwenikweni, mphepo kulibe, mvula kulibe, koma kumwamba kwangoti phi ndi mitambo yotuwa, ndipo zili choncho m'madera ambiri a England. M'buku ndalemba 0 tsiku ndi tsiku. Ziro ameneyu ndimamulemba dala, pamodzi ndi kutentha kwa tsikulo, chifukwa akusonyeza kuti madigiri 11 kapena 12 opanda dzuwa sauluka nawo gulugufe. A UK Butterfly Monitoring Scheme aja nawonso ali ndi lamulo lotere: sawerenga kukazizira kuposa madigiri 13, ndipo pakati pa 13 ndi 17 amafuna dzuwa likhalepo.

Poti panalibe chowerenga, ndinatsegula kabokosi kogona agulugufe komwe ndinagula £12 kumayambiriro kwa Okutobala, kaja ka timipata tatitali kutsogolo. M'kati munali akangaude ndi tizilombo tina tam'makungwa, gulugufe ayi. Ndalama imeneyi musawononge. M'shedi yakale, momwe sindinakonzemo kanthu, ndinaunika ndi tochi ya foni padenga n'kupeza gulugufe wotchedwa peacock atakakamira kuthabwa chadodolido, mapiko atatseka, akuda ngati thabwa lopserera. Kuwala kutamufika anatsegula mapiko mwadzidzidzi, maso anayi aja a pamapiko n'kuonekera, ndipo kanamveka kaphokoso ka "fsss" komwe amachita pokhuza mapiko pofuna kuopseza mbewa. Ndinazimitsa tochi n'kutuluka. Pachitseko ndamatapo pepala loti aliyense m'nyumba muno asayatse nyale kapena kusuntha matabwa a kona imeneyo.

Mwa mitundu 59 ya agulugufe a ku Britain, yambiri imadutsa nyengo yozizira ili mazira, mbozi kapena zikwa. Yomwe imagona ili ikuluikulu ndi yochepa: peacock, small tortoiseshell, comma ndi brimstone. Red admiral ali pakatikati. Ambiri amabwera kuchokera kum'mwera kwa Europe ndi kumpoto kwa Africa, ena amabwerera komweko nyengo ino, koma zaka zino ochuluka akutsala, makamaka kum'mwera kwa England. Sagona tulo tenitweni, n'chifukwa chake tsiku lofunda la mu Novembala kapena Disembala, amene mungamuone akuuluka nthawi zambiri amakhala iyeyo.

11 Novembala: dzuwa labwerera

Kumwamba kwayera. Ndinali pa ofu, ndiye ndinagawa tsiku pawiri. M'mawa ndinakwera sitima kupita ku Attenborough Nature Reserve, m'mbali mwa mtsinje wa Trent, pomwe kale amakumba miyala ndipo maenje ake anasanduka nyanja zing'onozing'ono. Sindinayende malo onse. Ndinalondola mipanda ya zitsamba yoyang'ana kum'mwera, yotchingidwa ku mphepo, ndipo paliponse pomwe panali ivy kapena minga ya mabulosi akuda ndimaima n'kudikira. Red admiral 2 pa ivy, cha m'ma 11:30. Mmodzi anali watsopano, wowala, winayo wothothoka mapiko, mzere wofiira utasanduka wa olenji wotuwa.

Kunyumba, cha m'ma 1 koloko, red admiral wina anali pa sileti. Nthochi sanaikhudze, amangowothera. Ivy yathu yatsala ndi timiyulu tochepa ta maluwa, tambiri tasanduka zipatso zobiriwira.

Painted lady sindinamuone ngakhale mmodzi chiyambire ntchitoyi, ndipo zandikhudza, chifukwa ndi gulugufe yemwe amapezekanso kwathu. Sangapirire kuzizira kwa kuno. A ku Europe amanyamuka nyengo ino kulowera ku Africa, kuwoloka chipululu cha Sahara, ndipo ulendo wonse wopita ndi kubwera ndi wa makilomita pafupifupi 14,000, wotenga mibadwo yofika 6. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti amangofera kuno, mpaka mu 2009 pomwe makina a radar anaonetsa kuti pobwerera amauluka m'mwamba kwambiri, mamita oposa 500, komwe maso safika.

16 Novembala: gulugufe m'chipinda

Tayamba kuyatsa hita usiku, ndipo lero mwana wanga wamkazi anandiitana kuti, "Amayi, bwerani muone, kuchipinda kuli gulugufe!" Anali small tortoiseshell, akudzimenyetsa pagalasi la zenera. Ayenera kuti analowa mu Ogasiti kapena Seputembala n'kubisala kuseri kwa wadiropu, kutentha kwa hita n'kumunamiza kuti nyengo yasintha. Kumutulutsa panja ndi kumupha, kumusiya m'chipinda chofunda ndi kumuthetsa mafuta omwe anasunga m'thupi.

Tinamuvundikira ndi kapu, n'kulowetsa pepala pansi, n'kumuika m'katoni ya nsapato. Katoniyo inakhala pamalo ozizira, pakhonde, pafupifupi ola limodzi mpaka anadekha. Kenako tinapita nayo kushedi, n'kuiika pa shelefu yakumwamba, kumbali yosafika dzuwa, titadula kampata m'mbali koti adzatulukire. Shedi ili ndi mpata pamwamba pa chitseko, ndiye mu Malichi kukafunda sadzatsekeredwa. Mtundu umenewu uli m'gulu la omwe chaka chino achepa kuposa zaka zonse za kalembera wa chilimwe, ndipo uyu ndi yekhayo amene ndamuona nyengo yonseyi. Ndamulemba padera, kuti anapezeka m'nyumba, osati akuuluka panja.

19 Novembala: chipale

Usiku kwagwa chipale chofewa, Nottingham yense wayera. Verbena ndi Michaelmas daisy zagona pansi. Mbale ndalowetsa. Ndinasuzumira m'shedi osayatsa tochi: denga silikudontha, katoni ndi youma.

24 ndi 25 Novembala: red admiral pambuyo pa namondwe

Namondwe Bert wabweretsa mvula yambiri ndi mphepo, madera ena madzi asefukira, koma wabweretsanso mpweya wofunda womwe wasungunula chipale chonse. Waya uja wagwira, katebulo sikanagwe. Mawa lake, pa 25, mitambo inang'ambika cha m'ma 12 koloko, ndipo red admiral anatulukira kuchokera mbali ya ivy, anazungulira bwalo kamodzi, n'kutera pakhoma la nyumba pamwamba pa katebulo. Ndinathamangira nthochi ya mufiriza, koma pomwe imasungunuka anali atapita. Kuyambira pano, wailesi ikanena kuti mawa kufunda, nthochi imodzi izigona m'furiji itasungunuka kale.

1 Disembala: kutumiza zolemba ndi zotsala

Zolemba zonse ndazilowetsa mu iRecord Butterflies, pulogalamu yaulere ya pafoni, ndipo za pabwalo ndazitumizanso ku Garden Butterfly Survey, kalembera wa Butterfly Conservation yemwe amalandira zolemba chaka chonse. Chilichonse chimafuna tsiku, malo, mtundu ndi chiwerengero. Chithunzi chimathandiza otsimikizira, makamaka pa gulugufe wooneka mochedwa chonchi. Mitundu yomwe ndaiona ikuuluka kuyambira pa 21 Seputembala ndi red admiral, comma, small white ndi speckled wood, yemwe ndinamuona komaliza pakati pa Okutobala m'mphepete mwa mitengo ku Wollaton Park. Small white anasowa Okutobala asanathe, comma pa 27 Okutobala, red admiral pa 25 Novembala.

Ndalama zonse zakwana £67. Zomwe zagwira ntchito ndi sileti yaulere, matabwa a £7 okweza katebulo, nthochi, ndi ivy ya aneba. Mwa zomera zogula, Verbena yekha ndiye anakhala ndi maluwa mpaka chipale.

Katebulo ndikasiya pomwepo nyengo yonse yozizira, buku lili pazenera. Ndaitanitsa mbande ziwiri za alder buckthorn, £9, chifukwa mbozi za brimstone zimadya masamba a mitengo ya buckthorn yokha, ndipo zikafika sabata yamawa ndizibzala m'migolo iwiri kukhoma la kum'mawa. Mphika wina waukulu ndausungira nettle, chomera choyabwa chomwe mbozi za red admiral, peacock, comma ndi small tortoiseshell zimadya. Mizu yake ndikakumba kumunda kwa mnzanga wa kuntchito mu Malichi. Nkhani ya ivy ndikambirananso ndi mwini nyumba Febuluwale asanafike, kuti odulawo adzachotse mbali ya m'munsi yokha, nthambi zobereka za pamwamba pa khoma azisiye.